Ndinasakaniza Onga wa Agogo Sakala

Mpaka lero, ndikalowa m'galaja ya munthu n'kumva fungo la mafuta opukutira zitsulo, maganizo anga amathamangira kwa agogo Sakala. Ndimawaona atakhala pakampando kawo kopanda chotsamira, magalasi atatsetserekera kumphuno, akuyang'anitsitsa sikelo ngati yawalakwira, kumbuyo kwawo kachigubu kamagetsi kotsukira makoko a zipolopolo kakunjenjemera tsiku lonse, wayilesi yakale ikung'ung'udza nyimbo za kwaya, ndipo pansi pa chitseko chotsegula pang'ono pakulowa kamphepo ndi phokoso la magalimoto a anthu ochoka kuntchito ku Washington kubwerera kwathu ku Springfield.

Sanali agogo anga ondibereka. Anali aneba athu, nyumba zathu zogundana khoma. Kwawo kunali ku Chipata, ndipo anabwera kuno kalekale kudzayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe. Kenaka anaphunzira ntchito yoyesa ndi kukonza masikelo, imene anaigwira mpaka kupuma. Ife m'nyumba mwathu tinalimo awiri basi, ine ndi amayi, amene anali namwino pachipatala china ku Alexandria. Ntchito yawo inali yosinthasintha, sabata ino masana, sabata yamawa usiku, choncho ndikaweruka kusukulu ndinkafikira kwa a Sakala, ndipo amayi akakhala ausiku ndinkagona komweko.

Agogo anali ndi mfuti yaitali yokhala ndi galasi loonera patali, koma sanaphepo ngakhale gologolo. Ankawombera mapepala. Agogo aakazi sankatopa kuwanyogodola. "Mfuti yonseyi," ankatero akudula anyezi, "koma nkhuku tigula ku sitolo monga aliyense." Aamunawo ankangokweza mapewa n'kupita kugalaja.

Zipolopolo zogula zopangapanga kale sankazifuna. Ankati zili ngati zovala za kaunjika, zimalowa aliyense koma sizikhala bwino aliyense. Ankapanga okha. Ankatsuka makoko amkuwa mpaka kuwala, n'kuyeza lililonse kutalika kwake, n'kuyeza onga pasikelo mwa kambewu kamodzikamodzi, mpweya ataugwira kuti usasokoneze sikeloyo. Akatero ankaika chipolopolo pakamwa pa khoko n'kuchikanikiza ndi chitsulo chokhala ndi mkono wautali. Zisanu ankaziika onga wakuti, zisanu zina n'kuwonjezera pang'onong'ono, zonse n'kuzilemba m'kope la chikuto chobiriwira. Loweruka ankapita nazo kubwalo lowombera, kumidzi kutali ndi tauni, n'kubwerako ndi mapepala obowoka. Chimene ankafuna chinali chimodzi: mabowo asanu agundane, pamtunda woti pepalalo sungalione bwino ndi maso okha. Chaka chimenecho anali ataika mpope watsopano pamfutiyo, ndipo kuyambira pamene chipale chofewa cha nyengo yozizira chinasungunuka anakhala akufufuza muyeso wa onga umene mpopewo unkaukonda.

Ine ndinkaloledwa kukhala nawo, pachidebe chovundikira pakona, ndikulemba za kusukulu. Lamulo lake ndinkalidziwa ngati pemphero. "Tadala, maso ni ako, yangana zonse. Koma manja ni a m'thumba. Tsiku ukagwire kanthu pa tebulo apa, ndiye tsiku lako lothera mu galaja muno." Iwo ankandilankhula m'Chinyanja cha kwawo, ine ndinkayankha m'Chingerezi, ndipo tinkamvana bwinobwino. Galaja imene ija ndinkaikonda kuposa malo ena onse, chifukwa ndi mokhamo mmene munthu wamkulu ankandifotokozera zinthu ngati kuti ndili ndi nzeru.

Vuto linayambira pa mbale. Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi tinakadya kwa a Sakala, ndipo ine nditakhuta ndinangodzuka n'kusiya mbale patebulo. Amayi sananene kanthu pamaso pa anthu, koma titangotseka chitseko cha kwathu anandigwira khutu.

"Ndiwe mwana wamkazi wanji iwe, wongodya n'kupukuta pakamwa? Anthu aja amakusunga ulere. Ukaona pakuda, sesa. Ukaona chinthu chili posayenera, ika m'malo mwake. Usadikire kuuzidwa. Ukufuna azinena kuti sindinakulere?"

Ndinali ndi zaka khumi, ndipo mawu a amayi ndinkawameza amphumphu.

Mawa lake, Lolemba, agogo sankapanga za mfuti yaikulu ija. Ankadzaza zipolopolo za kamfuti kena kakang'ono kam'manja, kamenenso kankangovutitsa mapepala. Anali atathira onga wake m'kambale kachitsulo, chitini chake chili pambali. Foni yawo inalira. Ndinaona nkhope yawo ikusintha. Agogo aakazi anali atagwa m'sitolo, shuga atatsika, ndipo ambulansi inali itawatenga kale. Munthu amene sankachoka patebulo paja osabwezera chilichonse m'malo mwake, tsiku limenelo anadzuka mpando n'kugwa. "Khala mu nyumba, amako abwera manje manje," anatero, n'kutuluka atavala masilipasi.

Ndinatsala ndekha, mtima uli m'mwamba, manja akufuna chochita. Ndinatsuka makapu kukhitchini. Ndinapinda nsalu zimene zinali pampando. Kenaka ndinasuzumira m'galaja n'kuona mpando uli chagada, kabati ya onga ili pululu, patebulo pali mbwee. Lamulo la agogo ndinalikumbukira ndithu, sindinganame. Koma ndinadziuza kuti lamulolo linali loletsa kuseweretsa zinthu, osati kukonza, ndipo ndinkaona kale m'maganizo mwanga amayi akumva kuti mwana wawo wakonza galaja popanda womutuma.

Ndinadzutsa mpando, ndinasesa, ndinatseka chitini chija n'kuchibwezera m'kabati pakati pa zinzake. Nditabwerera patebulo ndi pamene ndinaona kambale kaja, onga uli tho. Ndinabwerera kukabati. Zitini zinali zinayi, zonse zakuda, zonse zofanana msinkhu, ndipo chimene ndinali nditangoika kumene sindinachizindikirenso. Ndinatenga chimene chinali kutsogolo. Pothira ndinaona kuti wam'kambale unali wosalala ngati mchenga wa mumtsinje, pamene wam'chitini unali timitengo ting'onoting'ono ngati nsonga zothyoka za pensulo. Ndinangoti onga ndi onga. Ndipo popeza amayi anandiphunzitsa kuti ntchito siisiyidwa theka, ndinatseka chitinicho n'kuchigwedeza bwinobwino kuti zilowererane.

Agogo aakazi anagonekedwa masiku awiri n'kutuluka ali bwino, akudandaula za chakudya cha kuchipatala. Lachinayi ndi pamene agogo aamuna analowanso m'galaja. Anaima pakhomo, anayang'ana tebulo loyera, n'kuseka okha.

"Ona, Tadala. Nakalamba, sinikumbukira na pang'ono kuti ninalonga. Koma manja saiwala nchito."

Ndinafuna kunena kuti ndine, koma ndinaona kuti ndikaulula ndiye kuti ndadziweruza ndekha pa lamulo lija. Ndinangomwetulira m'kope langa. Iwo anadzidzudzula pang'ono chifukwa chosiya kabati osakhoma, kenaka anatulutsa chitini cha kutsogolo chija n'kuyamba kuyeza. Madzulo amenewo anadzaza zipolopolo makumi atatu za mfuti yaikulu, n'kuziimika m'kabokosi kabuluu. Anati awa ndiwo mayeso omaliza, Loweruka adziwa muyeso wa mpope wawo.

Lachisanu anali osangalala, akuimba motsatira wayilesi, akupukuta galasi la mfuti. Ine, ndi kamtima kofuna kutamandidwa mobisa, ndinafunsa kuti bwanji sangothira onga wonse m'chitini chimodzi chachikulu, m'kabati mupezeke malo.

Anasiya kuimba. Anadzuka n'kutsitsa chitsulo china chimene chinkalendewera pamsomali pamwamba pa tebulo, chimene ine ndinkangochiyesa chotsalira cha galimoto. Anachiika m'manja mwanga. Chinali cholemera, chong'ambika mbali zitatu ngati nthochi yosenda.

"Iyi inali mfuti," anatero. "Mwine wake tinali kuwombera naye pamodzi. Onga wa kamfuti kang'ono upsa mwamsanga maningi. Wa mfuti ikulu upsa pang'onopang'ono. Uja munthu anasakaniza, pang'ono chabe, osadziwa. Anawombera kamodzi. Vala vitatu vinapita, na diso imodzi. Ndiye chifukwa pa tebulo panga pakhala chitini chimodzi chabe, ndipo onga ubwerera mwamene unachoka."

Ndinayang'ana chitsulocho, ndinayang'ana kabokosi kabuluu kali phee pashelefu, ndinayang'ana dzanja lawo lamanja limene linali kudikira kuti ndiwabwezere chitsulo. Ndinawabwezera.

Anthu ndikawauza nkhaniyi amafunsa kuti bwanji sindinanene pomwepo. Nanenso ndakhala ndikudzifunsa. Ndinkaopa. Ndinkaopa kuthamangitsidwa m'galaja, ndinkaopa nkhope ya amayi, ndipo koposa zonse ndinkaopa kuti agogo adzandiyang'ana ngati mwana wamba wosamva. Ndinadzinamiza kuti mwina onga unali wochepa, mwina sindinatenge chitini chimenecho, ngakhale ndinali nditawaona ndi maso anga akuyeza kuchokera m'menemo. Lachisanu limenelo amayi anali atayamba ausiku, choncho ndinagona kwa a Sakala, nditatsimikiza mumtima kuti ndinena m'mawa pa tiyi, asananyamuke.

Nditatsika m'mawa ndinapeza agogo aakazi okha patebulo, akupaka majarini pabuledi. Pawindo ndinaona pamalo pa galimoto pali mbee.

"Agogo ako? Anyamuka kusanache. Ati afuna akapeze tebulo ya kumapeto, yamene ilibe mphepo."

Ndinalira kulira kumene sindinalirepo. Mawu ankatuluka osakanikirana, Chingerezi ndi Chichewa, koma agogo aakazi anamva chimene chinali chofunika, chifukwa mpeni unagwa m'manja mwawo. Anaimba foni ya amuna awo. Inalira m'thumba la jekete limene linali pampando, pambali pathu pomwepo. Anaimba nambala ya kubwalo lowombera imene inali papepala lomata pafiriji, ndipo inayankha ndi makina. Anaimbanso, makina omwewo. Iwo sankayendetsa galimoto.

"Sayamba kuwombera isanakwane naini," anatero, akuyang'ana wotchi. "Ni lamulo ya kuja."

Amayi anafika itatsala pang'ono kukwana eyiti, maso ali psuu ndi tulo, akadali m'yunifolomu. Agogo aakazi anawachingamira panja n'kuwafotokozera m'mawu ochepa. Amayi sanandiyang'ane n'komwe. Anatenga pepala la pafiriji lija, anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto n'kunena kuti, "Lowa."

Ulendo umene uja ndi woposa ola, ndipo sindinaonepo msewu wautali chotero. Tinadutsa masitolo, tinadutsa nyumba zatsopano zofanana ngati mazira, tinafika kumene kuli mipanda ya mahatchi ndi minda ya chimanga. Pena anali kukonza msewu, bambo wina atanyamula chikwangwani chotiimitsa, akutafuna chingamu mosatekeseka. Amayi, amene sankapyola liwiro lololedwa ngakhale tichedwe kutchalitchi, tsiku limenelo ankaponda mafuta milomo ikugwedera ndi pemphero. Ine maso anali pa kawotchi ka m'galimoto. Naini inakwana tikadali pamsewu wa tala. Titakhotera mumsewu wafumbi, ndinayamba kumva kulira kwa mfuti kuseri kwa mitengo, ndipo kulira kulikonse ndinkati ndi kumeneko.

Pachipata cha bwalolo panali mzungu wina wamtali wovala chovala chowala, woyang'anira malowo. Anatambasula dzanja kutiletsa, poti tinalibe zotseka m'makutu. Amayi anamuuza m'Chingerezi chawo cha kuchipatala, chachifupi ndi chosazungulira, kuti bambo wachikulire wa tebulo lakumapeto ali ndi zipolopolo za onga wosakanikirana. Munthu uja sanafunse kawiri. Anatembenuka n'kukuwa kuti aliyense asiye kuwombera, ndipo mfuti zonse zinangoti zii.

Tinathamanga kudutsa kumbuyo kwa amuna ovala zipewa amene ankatiyang'ana modabwa. Agogo anali kumapeto, atakhala kuseri kwa mfuti yawo, akuvula zotseka m'makutu kuti amve chimene chachitika. Anali amoyo. Nkhope yawo inali yonse. Koma pakansalu pambali pawo panali makoko atatu opanda kanthu, ndipo kabokosi kabuluu kanali kotsegula.

"Amake Tadala?" anatero, akuimirira. "Ni amai? Agwanso?"

"Ayi bambo, agogo aakazi ali bwino," anayankha amayi, ndipo pomwepo, pasimenti yodzaza makoko a zipolopolo, azungu onse aja akuonerera, anagwada. Anandikoka dzanja kuti nane ndigwade. "Mwana ali ndi mawu. Nena wekha."

Ndinanena. Ndinanena za mpando, za kusesa, za kambale, za chitini cha kutsogolo. Agogo anamvetsera osandidula, maso ali pa ine.

"Unathira yonse ya mu kambale?"

"Eee, agogo."

"Unagwedeza?"

"Eee."

"Bwinobwino?"

"Bwinobwino, agogo."

Anatembenukira kukabokosi kaja n'kuwerenga ndi chala, mzere ndi mzere, ngakhale ankadziwa kale. Zinalimo zonse makumi atatu. Makoko atatu aja anali a zipolopolo zakale, za mwezi wathawo, zimene anawombera pofuna kutenthetsa mpope. Chatsopano choyamba anali atatsala pang'ono kuchitenga, koma kansalu kosonyeza mphepo kanali kakupepeluka, ndiye ankadikira kuti kagwe.

Anatseka kabokosiko pang'onopang'ono. Anatulutsa cholembera m'thumba n'kujambula mtanda waukulu pachivundikiro. Kenaka anakhala pansi n'kuyang'anitsitsa manja awo, manja amene ankayeza kambewu kamodzi ka onga osagwedera. Amayi anayamba kulira mwakachetechete. Ine mpweya umene ndinaugwira kuyambira Lachisanu unatuluka wonse nthawi imodzi, mpaka ndinamva chizungulire. Sindinamvepo kupepukidwa kotero, ngakhale ndinkadziwa kuti chilango chikubwera. Chikanabwera chotani, ndikanachilandira ndi manja awiri.

"Nyamukani, amake Tadala, simenti izizira," anatero agogo. "Na iwe nyamuka."

Masana a tsiku lomwelo tonse anayi tinali m'galaja. Agogo anamasula zipolopolo zonse makumi atatu, chimodzichimodzi, ndi kachida kokhala ngati hamala, ntchito ya miyezi ingapo ikubwerera pachiyambi ife tikuona. Anathira onga wa chimodzi papepala loyera, n'kutenga galasi lokulitsa zinthu, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anatiitana mmodzimmodzi. Pakati pa timitengo tija panali timchenga tosalala, tobisala bwino, tambiri ndithu.

Amayi anayamba kupepesa, akunena kuti akandilanga kunyumba ndipo sindidzapondanso m'galajamo. Mawu anawathera pakati. "Komatu ndine ndinamuuza," anatero motsitsa. "Ndinamuuza kuti akaona chinthu chili posayenera asadikire kuuzidwa."

"Ndiye tili atatu," anatero agogo. "Imwe munamutuma. Uyu anagwira vamene ninamuletsa. Ine ninasiya onga pa mbale, kabati osakhoma, na mwana mu nyumba. Pambuyo pake napeza tebulo yoyera, m'malo mofunsa nayamba kuzitamanda. Nayeza makumi atatu osayangana vamene niyeza. Mulandu ukulu ni wanga." Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Iwe unalakwa Mande. Koma chamene chinafuna kunipha ni kukhala zii kwako pa Chisanu. Wamvera?"

Ndinamva. Palibe mkwapulo umene ukanandilowa ngati mawu amenewo.

Lamulo lawo sanalithyole, koma analipinda. Anati popeza olakwa m'galajamo ndi awiri, onse awiri achotsedwa kwa mwezi wathunthu. Anakhoma chitseko n'kupereka kiyi kwa agogo aakazi, amene anamulandira mosangalala kwambiri kuposa mmene zinayenera kukhalira. Onga wa chitini chonse chija anauwaza pakapinga kuseri kwa nyumba n'kuthirira madzi ambiri. Mwezi utatha tinabwerera tonse, iwo pakampando kawo, ine pachidebe changa, ndipo kabati inali ndi loko watsopano. Anagula chitini china n'kuyambiranso mayeso awo kuchokera pachiyambi. Masamba a mitengo atayamba kufiira anabwera ndi pepala la mabowo asanu ogundana, n'kulimata pafiriji, agogo aakazi n'kufunsa ngati limeneli tingathe kuliphika.

Kuchokera tsiku la kubwalo lija ndinayamba kachizolowezi kamene sindinauzepo munthu. Ndikamawapatsa moni agogo, dzanja langa lamanzere litagwira mkono wamanja monga anandiphunzitsira amayi, chala changa chachikulu chinkayenda pa zala zawo n'kumawerenga chamumtima. Ndinkatero ndili kusekondale, ndinkatero ndikabwera kutchuthi kuchokera kukoleji, ndinatero ngakhale pa tsiku la ukwati wanga. Lero ndimagwira ntchito yokonza mankhwala m'chipatala, ndipo anzanga amandidziwa kuti ndikalakwitsa kanthu, kaya kachepe bwanji, ndimakanena ola lomwelo, ndisanapeze mpata wodzinamiza. Ena amayesa kuti ndine wolimba mtima. Sadziwa kuti ndine wamantha amene anaona kumene mantha amafikitsa.

Agogo Sakala anamwalira ali okalamba kwambiri, pabedi lawo, m'nyumba yomwe ija. Nditapita kukawaona komaliza anali atasiya kudya, ndipo ankalankhula mwa apo ndi apo, maso ali chitsekere. Ndinakhala pambali pawo n'kutenga dzanja lawo lamanja, lopepuka ngati la mwana, ndipo chala changa chinayamba ulendo wake chokha. Ndisanafike pa chachinayi, anandifinya pang'ono.

"Vilipo vonse, Tadala," ananong'ona. "Unafika pa nthawi. Leka kuwerenga vala vanga manje."